Za Buku la Jingala, ndi za Nkhalamba Zotsala Zokha



Mwezi uno sitilemba za katekisimu monga tichitira nthawi zonse, koma tifuna kukuuzani za buku lina limene tidawerenga m'dzinja lapitali, ndi maganizo amene lidatisiyira. Tidalipeza m'bokosi la mabuku akale ku nyumba ya ansembe, chikuto chake chili chong'ambika, ndi masamba ena odyedwa ndi chiswe m'mphepete. Tidapempha kulibwereka, poyesa kuti lidzatithandiza kudikira tulo pa masiku amene mvula itsekera munthu m'nyumba. Masamba oyamba adatiseketsa ndithu. Koma pofika pakati kuseka kudatha, pakuti tidazindikira kuti nkhalamba ya m'bukumo tidaidziwa kale, ndi kuti mlandu umene bukulo lizenga ukhudza ifenso. Chifukwa chake tayesa kuti nkwabwino kukufotokozerani, makamaka popeza bukulo lili m'Chingerezi, ndipo ambiri a inu simudzalipeza.

Dzina la bukulo ndi Jingala, ndipo lidasindikizidwa m'chaka cha 1969. Ndi nkhani yopeka, ndiko kunena kuti anthu ake sadakhalepo ndi thupi, koma makhalidwe awo ndi enieni a m'dziko lathu lino. Mlembi wake ndi Legson Kayira, mwana wa kumpoto, kudera la Chitipa, amene adaphunzira sukulu ku Livingstonia. Mbiri ya munthu ameneyu payokha ndi yodabwitsa. M'chaka cha 1958, akali mnyamata, adanyamuka kwawo wapansi kukafuna maphunziro ku America, alibe ndalama, alibe chiphaso cha ulendo. Nayenda zaka ziwiri, kupyola Tanganyika ndi Uganda, kufikira ku Khartoum m'dziko la Sudan, kumene anthu achifundo adamthandiza kuti afike kutsidya la nyanja. Adaphunzira ku Skagit Valley College ndi ku University of Washington, napitiriza ku Cambridge ku Mangalande. Ulendowo adaulemba m'buku lotchedwa I Will Try, la m'chaka cha 1965. Ngakhale dzina lakuti Legson adadzipatsa yekha ali pa sukulu. Makolo ake sadamutche motero. Adakhala ku Mangalande zaka zambiri, namwalira ku London m'chaka cha 2012. Tanena izi kuti mudziwe kuti amene adalemba za bambo wosiyidwa ndi mwana wake, iye mwini adali mwana amene adasiya mudzi napita kutali.

Nkhani yake iyenda motere. Jingala ndi bambo wachikulire, wopitirira zaka makumi asanu, amene pa masiku a Boma la Angerezi adali wokhometsa msonkho. Ntchito adapuma, mkazi wake adamwalira, ndipo akhala m'mudzi mwake ali ndi chiyembekezo pa anthu awiri okha. Woyamba ndi mwana wake Gregory, amene ali pa sukulu ya ansembe Achikatolika. Wachiwiri ndi mtsikana dzina lake Liz, amene adamtomera akali wamng'ono, ndipo iye angodikira kuti akule amkwatire. Tsono imfika mbiri yakuti Gregory afuna kukhala wansembe. Jingala sachedwa: apita ku sukuluko, nachotsako mwana wake, nabwera naye kumudzi, poyesa kuti akakhala pakati pa abale adzaiwala za unsembe. Koma thupi lokha la mwanayo ndilo libwera; mtima wake utsala komweko. Ndipo pamene bambo ali kulimbana ndi mwana, mtsikana uja athawa ndi mwamuna wina wobwera kuchokera ku migodi ya ku South Africa. Motero nkhalamba itaya zonse ziwiri zimene idatsamira, ndipo nkhani itha ndi imfa yake.

Ambiri powerenga adzati, Iyi ndi nkhondo ya mwambo wakale ndi sukulu, ya chikunja ndi Chikristu. Inde nkhondo imeneyo ilimo. Koma ife tiyesa kuti muzu wa nkhani uli pena. Tiyesa kuti ndi nkhani ya munthu amene zonse zomuuza kuti iye ndani zidamthera, natsala yekha ndi zokumbukira zake.

Akuluakulu pakati panu adziwa chimene wokhometsa msonkho adali. Msonkho wa nyumba udayamba m'dziko muno m'zaka za m'ma 1890, ndipo ndiwo udatulutsa amuna ambiri m'midzi, kunka ku Halale ndi ku Joni kukafuna ndalama zolipira. Tsiku limene wamsonkho afika ndi buku lake, mudzi wonse udadziwa; wosalipira adagona kuthengo, ndipo ngakhale nyakwawa idalankhula naye mosamala. Munthu amene anthu amuopa motero zaka zambiri, sachedwa kuyesa kuti mantha awo ndiwo ulemu, ndi kuti ntchito yake ndiye iye mwini. Koma ntchito ya Boma ili ngati chovala chobwereka: tsiku lopuma mwini wake achitenga, naveka wina. Jingala mumtima mwake akali munthu wa Boma, koma masiku aja adapita, ndipo sadzabweranso. Mkazi amene adamdziwa pa mphamvu zake, amene akadamchitira umboni kuti zonena zake zidachitikadi, ali kumanda. Pakuti munthu sathanso kukumbukira bwino ali yekha; asowa mnzake woti amvomere, nati, Inde, ndidalipo, zidaterodi. Makolo athu adanena zoona kuti kali kokha nkanyama, tili awiri ntianthu. Ndipo munthu wotsala yekha agwira chilichonse chili pafupi, nachigwira kolimba kufikira chithyoka.

Tsono mvetsani chimene mawu a Gregory adatanthauza m'makutu a bamboyo. Wansembe sakwatira. Kwa anzathu a kumpoto ana atenga mtundu wa bambo wawo, ndipo mwamuna wopanda zidzukulu aona ngati dzina lake lithera pa iye. Ife timva kuti mwana waitanidwa ndi Mulungu. Jingala adamva kuti mwana walandidwa ndi alendo, ndi kuti sipadzakhala womtchula iye atapita. Kuno kwathu kwa Achewa ana ndi a kuchikazi, ndipo mawu aakulu pa iwo ali ndi atsibweni. Koma kuwawa nkomweko. Tidziwa amayi amene adalira usiku mwana wawo wamkazi atanena kuti afuna usisiteri, pakuti pa iye adayembekeza kuti mbumba idzakula. Tidziwanso atsibweni amene adagulitsa fodya ndi mtedza zaka zinayi kulipira sukulu ya mwana wa mlongo wawo, poganiza kuti adzakhala mzati wa banja, ndipo atamva za seminale adangoti chete. Amenewa sitiwatcha adani a Mulungu ayi. Ali anthu a mantha, oopa kutsala okha.

Koma tisanamizane, Jingala adalakwa, ndipo adalakwa kawiri. Adalakwa pochotsa mwana pa sukulu mwamphamvu. Eklezia Woyera aphunzitsa kuti makolo ayenera kulangiza ana awo, koma alibe mphamvu yowakakamiza pa kusankha njira ya moyo wawo, kaya ndi ukwati, kaya ndi unsembe. Ndipo monga nkoletsedwa kukankhira mnyamata ku unsembe iye asakufuna, nkoletsedwanso kumtsekereza amene ali woyenera. Adalakwanso podikira kamwana kuti kakule akakwatire, monga munthu adikira nkhuku kuti inenepe. Ukwati upangidwa ndi kuvomera kwa eni ake awiri, ndipo popanda kuvomera mwaufulu palibe ukwati pamaso pa Mulungu. Ngakhale malamulo a dziko lathu adaletsa mchitidwe umenewu: lamulo la maukwati la m'chaka cha 2015 lidaika zaka 18, ndipo m'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo idakonza malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Tikayang'anitsa, zolakwa ziwirizi ndi chimodzi: kutenga munthu wamoyo, amene ali ndi mzimu wake ndi njira yake, kuti atseke mpata umene kusungulumwa kudasiya. Mwana si nkhokwe ya bambo wake, yoti atapemo pamene njala ya mumtima yamgwira.

Nanga za mwanayo tinene chiyani? Ife amene tilemba mawu awa tidaphunzira ku seminale, ndipo tikadawerenga bukuli pa masiku amenewo, tikadaima ndi Gregory osayang'ana m'mbuyo. Ndipo pa chachikulu tiima naye lero lomwe, pakuti Mulungu akaitana, munthu ayenera kuyankha. Bambo Cornelio Chitsulo, wansembe woyamba wa dziko lino, adadzozedwa m'chaka cha 1937, ndipo patapita zaka makumi awiri adakhala Episkopi ku Dedza. Seminale yaikulu ya Kachebere, kudera la Mchinji, idatsegulidwa m'chaka cha 1939. Anyamata a nthawi imeneyo adachoka m'midzi momwe unsembe udali chinthu chachilendo, choyesedwa cha Azungu okha. Ndipo akadamvera mantha a abale awo, bwenzi lero kulibe wotiwerengera Misa pa Namitete kapena pa Nambuma.

Koma lilipo funso limene mwana wophunzira aiwala msanga, ndilo lakuti, Nanga bambo angawa atsala ndi yani? Mu Uthenga Wabwino wa Marko Woyera, pa mutu 7, Ambuye adzudzula anthu amene adati chuma chawo chaperekedwa kwa Mulungu, kuti potero alekere makolo awo osawathandiza. Ndipo atcha zimenezo kupeputsa lamulo la Mulungu. Ndipo Ambuye omwewo, amene adasiya nyumba ya ku Nazarete kukachita ntchito ya Atate awo, ali pamtanda, pa kuwawa kwakukulu kuja, adayamba apezera Amayi awo pokhala, nawapereka m'manja mwa Yohane, monga tiwerenga pa mutu 19 wa Uthenga wake. Maitanidwe a Mulungu safafaniza lamulo lachinayi. Woitanidwa angathe kusiya mudzi, koma saloledwa kusiya chikondi. Ndipo m'bukumu tiona mwana ndi bambo amene alankhulana ngati anthu a zinenero ziwiri, aliyense wotsimikiza kuti mnzake ndiye wosamva.

Tinenenso pamene bukulo lidatiperewera. Monga tidaonera ife, mlembi adalowa bwino mumtima mwa nkhalamba, koma sadalowe kwenikweni mumtima mwa mnyamata; ndipo wowerenga wosadziwa angathe kutseka buku ali kuganiza kuti kufuna unsembe ndi kufuna Chizungu chabe. Tidziwa kuti sizitero, pakuti tidakhala ndi anyamata amene adalimbana ndi maitanidwe awo pa maondo, usiku, m'kachalitchi ka seminale. Koma sitimuimba mlandu mlembi pa ichi. Iye adaphunzira kwa abale athu a mpingo wina, ndipo adalemba za nthawi imene ansembe ambiri adali ochokera kunja. Ndipo nkwabwino nthawi zina kudziona monga wakunja atiwonera, pakuti munthu saona msana wake.

Tsono tikuuzeni chifukwa chake kuseka kwathu kudatha.

Bambo athu otibereka adagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, nabwerako m'chaka cha 1988, pamene ulendo wa TEBA udatsekedwa. Adakwatira chikamwini m'mudzi wina wa kufupi ndi Nsaru, koma kwawo kudali cha ku Kabudula. Adamanga nyumba ya njerwa zootcha, nabzala mango ndi nthochi, nalima munda wa amayi athu zaka zambiri. Amayi adamwalira ife tili ku seminale. Itatha nthawi ya maliro, akuchikazi adawasudzula bambo monga mwa mwambo. Sadachite mwankhanza ayi, adangotsata zimene makolo adatsata. Bambo adasiya nyumba, nasiya mitengo, nasiya ana, nanyamula bokosi lawo lachitsulo pa njinga kubwerera kwawo. Koma kwawoko anzawo a msinkhu umodzi adali atatha, ena kumanda, ena kutali. Ndipo ana a alongo awo adawadziwa dzina lokha. Adawamangira kanyumba kumapeto kwa mudzi, nawapatsa kamunda.

M'bokosi muja mudali majombo, bulangeti la ku migodi, ndi chiphaso chawo cha ntchito chokhala ndi nambala. Ife pa tchuthi tidazolowera kupita kumudzi kwa amayi, kumene kudali alongo athu, kapena kutsala pa parishi kuthandiza ansembe; kwa bambo tidapita masiku awiri kapena atatu pa chaka. Tikafika, adatsegula bokosi, natulutsa chiphaso, nayamba nkhani zomwezo: za chikepe chotsika pansi pa nthaka, za kutentha kwa kumeneko, za chinenero cha Fanakalo, ndi maina a anthu amene ife sitidawaonepo. Tidamvera ndi khutu limodzi, mtima uli pa mabuku athu. Iwo sadachite monga Jingala. Sadanenepo ndi tsiku limodzi lomwe kuti tisiye seminale. Adangotumiza kalata kamodzi, yowalembera mwana wa sukulu, yofunsa kuti tidzabwera liti. Ife tidayankha ndi kalata yaitali, yodzaza ndi mawu oyera a kupirira ndi kudalira Mulungu. Koma tsiku lobwera sitidalembemo.

Pambuyo pake tidazindikira kuti unsembe si njira yathu, tidatuluka, tidakwatira, ndipo tidalandira ntchito ino ya uphunzitsi. Pamenepo tidati, Tikakhazikika tidzawatenga bambo adzakhale nafe. Koma chaka china kudali kumanga nyumba, china kudali mwana wodwala, china kudali fodya wosagulika bwino; ndipo tisanakhazikike, mthenga adafika. Pa maliro tidamva kuti amene adawasamala miyezi yomaliza adali mayi wina wachikulire wa mumphakati, wosakhala mbale wawo, amene m'mawa mulimonse adawapititsira phala. Mayiyo adatiitanira pambali, nati, Mwana wanga, maina aja bambo ako ankatchula ukuwadziwa? Tidati, Iyayi amayi. Iwo adati, Adali anzawo a m'chipinda chimodzi ku mgodi, amene adafera komweko, osabwerera kwawo. Bambo ako ankati palibenso wina wowakumbuka, ndiye madzulo alionse ankawatchula mmodzimmodzi pomaliza Korona. Ndipo mayiyo adatitchulira maina asanu, osaphonya ndi limodzi lomwe.

Akristu anzathu, ife tidaphunzira Chilatini pang'ono, tidaphunzira za kuyanjana kwa oyera ndi za kupempherera mizimu ya akufa, ndipo tidalemba mayeso pa zimenezi. Koma bambo athu adali kuzichita pamaso pathu, ife osaona, poyesa kuti ndi nkhalamba yongobwereza nthano. Chimene adasowa sichidali ndalama kapena malangizo oyera. Adasowa munthu wokhala nawo pansi nkumva. Tidaulula tchimo limeneli kalekale, ndipo tikhulupirira kuti Mulungu adatikhululukira. Maina asanu aja tidawalemba, ndipo ana athu awatchula m'mwezi wa Novembala pamodzi ndi dzina la agogo awo. Koma powerenga za Jingala tidaonanso kanyumba kaja ka kumapeto kwa mudzi. Bambo athu adapirira mwachete, Jingala adalimbana nalakwa; koma nthenda yawo idali imodzi.

Chifukwa chake sitidalembe izi kuti mumvere chisoni munthu wa m'buku, koma kuti muyang'ane m'mudzi mwanu. M'zaka za 1973 kufikira 1975, Ambuye Episkopi Patrick Kalilombe adasonkhanitsa Akristu a Dayosizi ya Lilongwe pa msonkhano waukulu, umene udakhazikitsa miphakati monga maziko a Eklezia kuno kwathu. Cholinga chake chidali chakuti Eklezia asakhale ku tchalitchi kokha pa Lamulungu, koma akhale m'mudzi, pakati pa anthu odziwana maina. Mphakati suli wosonkhetsa zopereka ndi kuimba pa maliro kokha. Tipempha kuti pa msonkhano wanu wotsatira muwerenge pa zala: ndani m'mudzi muno adya nsima yekha? Ndani atha tsiku lonse osalankhula ndi munthu? Mukawapeza, gawanani masiku. Wina apite ndi nkhuni, pakuti ino ndi nyengo yozizira; wina atunge madzi; ndipo wina apite chimanjamanja, akangokhala pa mkeka ndi kufunsa za kale. Tumani ana a sukulu ndi kope ndi pensulo, akalembe maina a makolo, kumene mudzi udachokera, ndi nyimbo za pamtondo zimene agogo akumbukira. Nkhalamba imene ifunsidwa idziwa kuti ikali munthu.

Inu ankhoswe ndi eni mbumba, ganizani bwino za kusudzula. Sitinena kuti mwambo wonse ndi woipa. Mwamuna wamasiye akali ndi mphamvu, kumasulidwa kumpatsa ufulu wokayamba moyo wina. Koma mkamwini amene wakalambira pa mudzi panu, amene adakumba nawo manda a makolo anu, ndipo ana ake ndi zidzukulu zake zili pomwepo, kumbweza kwawo ndi kumtumiza kwa alendo. Mfunseni chimene afuna iye mwini, ndipo ngati afuna kutsala, msiyireni nyumba yake ndi pamene alima. Chenjeraninso ndi ichi: nkhalamba yokhala yokha, yolankhula yokha, yoiwalaiwala chifukwa cha ukalamba, ndiyo iyamba kulozedwa chala mwana akadwala m'mudzi. M'dziko muno nkhalamba zamenyedwa, zina zaphedwa, pa milandu ya ufiti yopanda umboni. Kutchula munthu mfiti ndi mlandu pa malamulo a dziko kuyambira m'chaka cha 1911, ndipo pamaso pa Mulungu ndi tchimo lalikulu la bodza ndi la kupha. Nkhalamba imene Akristu alowa ndi kutuluka m'nyumba mwake tsiku ndi tsiku, anthu saiyamba msanga.

Inu makolo amene mwana wanu wanena za seminale kapena za usisiteri, musamtsekereze, ndipo musamkankhe. Muuzeni mantha anu poyera, pakuti mantha obisika asanduka mkwiyo. Ndipo mukatero mdalitseni apite. Inu a mumphakati, banja limene lapereka mwana kwa Eklezia lisatsale lokha pa kulima ndi pa matenda, popeza mwanayo adzatumikira ife tonse. Ndipo inu anyamata ndi atsikana amene muli ku seminale, ku sukulu, ku Lilongwe kapena ku Joni, ndalama zotumiza pa foni nzabwino, ndipo musaleke. Koma imbaninso, ndipo polankhula musathamangire kudula. Bambo akayamba nkhani imene mudaimva kakhumi, imvereni kakhumi ndi kamodzi, nimufunse kuti anthu otchulidwamo adali ayani. Mukalonjeza kubwera, tchulani tsiku.

Amene mudziwa Chingerezi, mukalipeza bukuli muliwerenge, ndipo mukawafotokozere akumudzi madzulo pamoto. Silovuta, lili ndi zoseketsa zambiri, ndipo lidzautsa mkangano wabwino pakati pa akulu ndi ana. Musaliwerenge pofuna kupeza wolakwa mmodzi, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: Gregory aliyense, Mulungu akampatsa masiku, adzafika pa msinkhu wa Jingala, pamene ntchito yatha, anzake apita, ndipo ana ali ndi njira zawo. Wodala pa tsikulo ndi iye amene adadziwa kuti dzina lake lenileni si la ntchito kapena la udindo, koma lija adalandira pa ubatizo, limene Mulungu saiwala.

Pa 26 Julaye tikumbukira Yowakimu ndi Anna Oyera, makolo a Virigo Maria; ndipo kuyambira m'chaka cha 2021, mwa kukhazikitsa kwa malemu Papa Francis, Lamulungu lachinayi la mwezi womwewu ndi tsiku la agogo ndi okalamba m'Eklezia yense. Tsiku limenelo, potuluka ku mapemphero, banja lililonse lisapite kwawo lisanalowe m'nyumba ya nkhalamba imodzi. Amene sangathe kuyenda, tiuzeni maina awo msanga, kuti ansembe akawafikire ndi Masakramenti.

Mutikumbukire m'mapemphero anu, pamodzi ndi mzimu wa bambo athu ndi anzawo asanu aja. Ambuye akudalitseni, inu ndi ana anu ndi makolo anu.

Ndife mphunzitsi wanu mwa Kristu.